Bolo wa Mango wa Bambo

Fungo la mango akamapsa pamoto pamodzi ndi shuga limandiumitsa kukamwa mpaka lero. Ena akalimva amameza malovu, koma ine ndimayang'ana kukhomo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi nyengo imeneyo, nkhondo itafika kale kumudzi kwathu, kunjira ya ku Mongue.

Chaka chimenecho mango anabereka ngati akutinyoza. Ankagwa okha n'kumaolera pansi, mavu ndi ntchentche zikuchita phwando, ife tikudya chinangwa chophika ndi masamba opanda mchere. Lamulo la Mayi linali lakuti tisakazinge kanthu. Anthu a mfuti ochokera kutchire akafika pamudzi ankalawa za mumphika, ndipo akapeza mchere kapena shuga ankati mwini nyumba amapita kutauni kwa adani awo. Mlandu wotere unkathera kuseri kwa nthochi. Ndinkachita mantha ngakhale bango likagwa.

Nkhondo isanayambe Bambo anali khukhi kunyumba ya mzungu wa kumunda wa tiyi ku Milange. Zimenezi sitinkazitchula. Mbale yawo yachitsulo yophikira anaikwirira pansi pa nkhokwe, ndipo mlendo akafunsa ankati iwo ndi mlimi chibadwire, ngakhale khasu ankaligwira ngati supuni.

Mkulu wanga Lusiya anali ndi zaka khumi ndi zinayi. Atsikana a msinkhu wake ndi amene ankatengedwa kukasenza katundu, ndipo obwerera anali ochepa. Makolo anagwirizana kuti awoloke Ruo ndi azakhali kupita ku Malawi. Kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke, Bambo anakumba pansi pa nkhokwe n'kutulutsa mbale ija, komanso kabotolo ka shuga komwe ngakhale Mayi sankakadziwa.

"Mwapenga kodi, abambo a Lusiya?" Mayi anafunsa motsitsa mawu.

"Mwana wanga sangachoke pakhomo pano ndi chinangwa m'kamwa," Bambo anayankha.

Chomwe ankaphikacho ankachitcha bolo wa mango. Anasenda mango osapsetsa, kuwadula tizidutswa n'kuyala pansi pa mbale. Ufa wa tirigu kunalibe, choncho anasakaniza ufa woyera ndi nsinjiro, shuga ndi timafuta ta mtedza. Ankafikisa ndi nsonga za zala zokha, pang'onopang'ono, mpaka zonse zinasanduka timibulu. Timibuluto anawaza pamwamba pa mango, n'kundimenya dzanja nditafuna kusalaza. "Ukatsindira wapha," anatero. Anaika makala pansi ndi ena pa chivundikiro, kuti pasakhale utsi woti uoneke patali. Utsi anauganizira ndithu, koma fungo analiiwala.

Madzi a mango atayamba kubwata m'mphepete mwa mbale, fungo linadzaza bwalo, kudutsa mpanda, kutsikira kunjira ya kudambo. Linali lokoma kuposa chilichonse chomwe ndinali nditamvapo, ndipo ndinkafuna kulira. Mayi ankakupiza ndi lichero ngati angalibweze. Ine ndinakhala pafupi ndi mtondo, makutu ali kunjira.

Anafika atatu dzuwa litapendeka, mfuti zili paphewa. Wamkulu wawo, amene ankatchedwa shefi ndipo anavala nsapato zosiyana, anaima pakati pa bwalo n'kukweza mphuno.

"Chikununkhira n'chiyani?"

"Mango ndi uchi wa m'phanga basi," Mayi anayankha, atagwada.

Munthuyo sanalimbane nazo, chifukwa maso ake anali atapeza kale Lusiya, yemwe anali ataima pakhonde. Anamuyang'ana kuyambira kumapazi. Kenaka anamuloza ndi chibwano n'kunena kuti asenze mbaleyo, awaperekeze.

Apa m'pamene Bambo anaseka, kuseka komwe ndinali ndisanakumvepo. "Uchi wa chiyani, shefi? Mai awa sadziwa kanthu. Ameneyu ndi shuga weniweni. Ine ndine khukhi, ndaphikira azungu zaka zambirimbiri." Zonse zomwe tinabisa, Bambo ankazikhuthula pabwalo okha, popanda wowakakamiza. Anachotsa makala, kuvundukula mbale, pamwamba pali pofiirira bwino, n'kupakulira munthuyo m'chipande. Pakamwa sipankatsekeka. Anatchula buledi, nkhuku yowotcha, mpunga wa nazi, zoti akhoza kukometsa ngakhale nyama ya nyani. Za Lusiya anati amadwala khunyu, akagwa panjira bolo yense athera m'dothi. Lusiya anali asanagwepo chibadwire.

Wansapato zosiyana uja anadya ndi zala, akuuzira chifukwa cha kutentha, ndipo anzake anamuyang'ana mwanjala. Atanyambita chala chomaliza anati, "Komandanti wathu alibe wophika. Tiyeni, madala."

Bambo anapinda chiguduli n'kupanga nkhata, kusenza mbale ikutenthabe. Sanatsanzike aliyense. Ali pachipata anangouza Mayi kuti azimitse makala aja. M'mawa mwake tinawoloka Ruo tonse, osati Lusiya yekha, ndipo Bambo sitinawaonenso.

Kwa zaka zambiri ndinali nawo mkwiyo. Ndinkati anapita chifukwa cha matama, kuti munthu wamkulu analephera kusunga pakamwa pomwe Mayi anali atanama kale bwinobwino. Sindinkafuna n'komwe kumva dzina lawo m'pemphero.

Tsopano ndine wamkulu kuposa momwe iwo analili, ndipo ndili ndi ana aakazi. Tsiku lina ndikufikisa ufa ndi shuga kukhitchini kwanga, bwalo lija linandibwerera lonse. Ndinakumbukira kuseka kwawo kwachilendo kuja. Ndinakumbukiranso pamene anaima. Nthawi yonse imene ankadzitama ankasuntha pang'onopang'ono, mpaka msana wawo unaphimba khonde, ndipo munthu wa mfuti uja sankamuonanso Lusiya. Mkulu wangayo lero ali ndi zidzukulu zinayi, koma bolo amene Bambo anamuphikira uja sanamulawe.