Babatoni wa agogo Gelevazio

Fungo la chikopa cha ng'ombe chikamawambidwa pa moto wa zitsononkho limandikumbutsa agogo anga aamuna, a Gelevazio, a kufupi ndi Guilleme. Ankaimba babatoni, besi wamkulu wa bokosi lokutidwa ndi chikopa uja woimba amachita kumukhalira. Anzawo ankaika nsambo imodzi. Iwo anaika zitatu, za waya wa m'tayala, pa mtengo wa bulugamu wosalala, wopanda timizere ngati ta gitala wa kusitolo. Dzanja lamanzere linkayendetsa botolo pa nsambo, lamanja linkamenya ndi kamtengo, ndipo akayamba madzulo, amayi akupeta mtedza pabwalo, mawu ake ankadutsa m'nthaka n'kudzakugwedeza m'mimba.

Lamulo lawo linali limodzi: "Osagwira nsambo musanawambe chikopa."

Zaka zimene zipani zinachuluka zija ankawaitana ku maukwati mpaka kutsidya ku Zambia. Kenako anagwa m'munda wa fodya. Sitiroko. Pochokera kuchipatala dzanja lamanja linali litapindika, osathanso kugwira kamtengo. Babatoni anakakhala pansi pa nkhokwe. Agogo anagona kuyang'ana kukhoma. Phala ankalibweza. Amayi ankakalirira kuseri kwa bafa. Tonse tinkaona kumene zinkalowera.

M'mawa wina wa Juni, kukuzizira, amalume Faniwelo, mwana woyamba wa agogo, anakoka babatoni uja n'kumukhazika pansi pa windo la agogo. Sanakoleze moto. Anangoyamba kumenya. Chikopa chinali chitalefuka ndi mame, ndipo mawu ake ankamveka ngati munthu akupuntha thumba la chimanga chonyowa.

"Achimwene, mukuwapweteka mtima bambo," anatero amayi.

Amalume anangopitiriza.

Kenako m'nyumba munatuluka mawu amene tinali titayamba kuwaiwala.

"Faniwelo! Wawamba?"

"Kuwamba chiyani, bambo? Akulira bwinobwino uyu."

"Akulira ngati mutu wakowo. Ndinyamuleni."

Tinawanyamula awiri, ine ndi amalume. Anali opepuka ngati mtolo wa mapesi. Analamula moto, n'kumayang'anira amalume akuzunguza chikopa pa malawi, iwo akuchigogoda ndi chala mpaka chinayankha ng'a. Titawakhazika pa babatoni anatenga botolo ndi kamtengo. Kamtengo kanagwa. Anakatolanso, kanagwanso.

Ndi ukali womwewo anamenya nsambo yaikulu ndi fupa la chala chachikulu cha dzanja lopindikalo. Inalira, mawu ouma, okhala ndi kaphokoso ka thwa pamwamba. Anamenyanso. Anakola nsambo yaing'ono ndi chala chopindika, n'kuitaya kuti imenye mtengo. Botolo linayamba kuyenda. Nyimbo inabwera yotsimphina, koma inabwera.

Atatopa anayang'ana amayi. "Phala lija lilipo? Uikemo nsinjiro."

Amayi anakhala pansi pomwepo, kaye, asanapite kukaphula.

Agogo anakhalanso ndi moyo zaka zingapo, ndipo kamtengo sanakagwirenso. Ndili wamkulu ndinaona pa vidiyo ku boma munthu wakunja akumenya besi wamagetsi ndi chala chachikulu chimodzimodzi. Sindinadabwe.

Amalume ndinawafunsa kamodzi ngati anaiwaladi kuwamba tsiku lija. Anandiyang'ana.

"Ndinayamba kuwawambira chikopa chimenecho amayi ako asanabadwe."

Babatoni ali kwa ine tsopano. Sinditha kuimba. Koma kukazizira ndimamutulutsa, ndikoleze zitsononkho, ndiwambe.