Magazi a Agnesi

Fungo la mankhwala okolopera pansi likasakanikirana ndi utsi wa nkhuni zonyowa, ndimabwerera ku chipatala cha mishoni, dzinja lomwe mlongo wanga Agnesi anatha magazi ndi malungo. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Tinkaphika m'shedi ya odikirira odwala, matope mpaka m'akakolo, denga likudontha pa mphasa.

Asisitere a kuwodi ya ana anali mzungu wa ku Italy. Ankayenda ndi kabuku kolembamo mawu athu ofanana ndi a kwawo. Anandiuza kuti kwawoko mano ndi dzanja, moto ndi njinga yamoto. Iwo ankaseka nazo. Ine sindinkaona choseketsa, mwana ali gone milomo itayera ngati chinangwa chosenda.

Lachitatu m'mawa asisitere anati Agnesi akufunika magazi tsiku lomwelo, bambo asaine. Bambo anavula chipewa.

"Asisitere, ine ndine mkamwini chabe. Mwini mwanayu ndi malume ake, ali ku Kabudula."

"Kodi bambo wake si inu?"

"Ndine ndithu, koma sindingathe."

Asisitere anafiira nkhope. Ine ndinakankha mphika wa nyemba ndi mwendo, n'kuwauza bambo pamaso pa anthu kuti ndi amantha. Amayi anandiwomba khofi mpaka khutu linalira.

Asisitere anatenga galimoto ya kuparishi, ine kutsogolo kulozera njira. Tinatitimira kawiri, anthu odutsa n'kutikankha. Amalume tinawapeza m'chigafa akusoka fodya. Atamva, anangoti, "Nanga alamu akudikira chiyani, eti?" n'kukwera osasamba ndi m'manja momwe.

Pofika tinapeza bambo atakhala kale pabenchi, mkono wa malaya atapinda. Magazi amene Agnesi analandira anali a bambo. Lero Agnesi ali ndi ana anayi.

Bambo ndinawasungira chakukhosi zaka zambiri. Pano ndikudziwa kuti akanasaina okha mwana n'kumwalira, akuchikazi akanawamangitsa katundu, ife osadzawaonanso pamudzi.

Tsopano malume ndine. Amuna a Agnesi ndinawauza mosabisa kuti mwana akadwala azisaina kaye, foni pambuyo, ndipo sindikufuna zopusa. Anavomera mwaulemu, manja pachifuwa. Mpaka lero amayamba ndi foni.