Njira Tinaiyeza m'Chilimwe

Ndinali ndi zaka khumi pamene Ababa anandiuza kuti ndisambe m'mawa, tikukayeza njira. Ndinaseka, poti zoyeza thonje ndinkazidziwa, koma zoyeza njira ndinali ndisanazimvepo. Iwo sanaseke. Anali atabwereka wotchi kwa aphunzitsi a pa sukulu yathu, ndipo ankangoiyang'ana ngati ithawa pamkono.

Nthawi imeneyo tinkakhala kumtunda kwa Ngabu, kumene mvula imagwa mochita kunyengerera. Zaka ziwiri zotsatizana thonje silinachite bwino, mapira nawo anauma asanabereke. Choncho Ababa atapeza ntchito yoyeza matumba pa sikelo ku depoti ina ya mbewu ku Bangula, zosamuka zinali zosachita kufunsa. Nkhani inali yakuti tikakhale pati.

Malo analipo awiri. Oyamba anali chipinda chimodzi cha lendi kuseri kwa msika wa Bangula, pafupi ndi depoti moti belu la kuntchito munthu ukanalimva uli pamphasa. Achiwiri anali kutsidya kwa Shire, kwa Mlolo, kumene asuweni awo a Amayi analonjeza kutipatsa pomanga nyumba komanso dimba. Amayi anali Msena wobadwira m'mbali mwa mtsinje, ndipo mtima wawo unali utawoloka kale. Koma sankafuna kuti mawa adzanenedwe.

"Odzapalasa njinga ndinu, bambo a Malita," anatero. "Kaioneni nokha njirayo. Ikakhala yaitali, nkhabe, ayi ndithu, tikakhala ku Bangula konko."

Malitayo ndine. Amayi sakanapita chifukwa mlongo wanga Zuze anali wakhanda. Ababa anati anditenga ine kuti ndikhale katundu wa pa kaliyala: akafika bwino ndili kumbuyo, ndiye kuti ali okha njirayo idzakhala yosavuta.

Tinakwera basi Loweruka, njinga ili pamwamba. Ku Bangula tinayambira kuona chipinda chija. Ndinachida ndisanalowemo. Chinali chamdima, kawindo kake kongokwanira nkhope, ndipo fungo la nsomba zouma za mumsika linali litakhazikika m'makoma. Mwini nyumba anatiuza kuti mbuzi saloleza, nkhuku saloleza, ana aphokoso sawafuna. Ponena zomalizazo ankayang'ana ine, chonsecho ndinali ndisanayankhule kanthu.

Kenaka Ababa anayang'ana wotchi, n'kundikweza pa kaliyala. Pa mlatho wa pa Shire anyamata a chipani anatiimitsa kufuna khadi, Ababa anaonetsa lawo, tinawoloka. Titayenda pang'ono tinasiya msewu waukulu n'kulowa kanjira kachidule kodutsa m'dambo, monga anatilangizira asuweni aja. Unali mwezi wa Seputembala. Dothi lakuda la makande linali litang'ambikang'ambika ndi dzuwa, koma kanjirako kanali kosalala chifukwa cha mapazi a anthu. Njinga inkangothamanga yokha. Ababa ankaimba, ine nditagwira lamba wawo.

Dimba lija sindidzaliiwala. Kwathu kumtunda mwezi umenewo kunali fumbi lokhalokha, koma kuno chimanga chinali chobiriwira mpaka kumtsinje, pansi pake maungu ndi mbatata. Asuweni anatiotchera dowe. Ndinadya mpaka nsagwada kuwawa, wina ndinamanga pansonga ya nsalu yanga kuti Amayi akaone ndi maso.

Pobwerera m'mawa mwake tinaima pakati pa dambo kuti Ababa apope tayala. Panali mtengo umodzi wa mthethe, ndipo ndinakhala pamthunzi pake. Nditakweza maso ndinaona udzu ndi mabango zitakodwa m'minga, pamwamba pa mutu wanga, zonse zitaloza mbali imodzi. Pansi panali zigoba za nkhono mbwee.

"Ababa, udzu uwu anauika ndani m'mwambamu?"

Anasiya kupopa. Anayandikira mtengowo, ndipo udzuwo unawafika m'phewa. Anauyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana dambo lonse, uku ndi uku.

"Ndi madzi amenewo," anatero. "Anadutsa kalekale. Sabwera chaka chilichonse."

Anamaliza kupopa, n'kundikweza. Tisananyamuke anayankhulanso osacheuka. "Za udzuwu usakawauze amako, wamva? Angachite mantha chabe."

Ndinali mwana, koma sindinali wopusa. Udzu wa kalekale sukhala wotero, umafumbwa n'kugwa. Uwu unali wa dzinja lomwe langothali. Koma dowe anali pansonga ya nsalu yanga, ndipo fungo la chipinda chija linali lidakali m'mphuno. Ndinati, "Ndamva, Ababa."

Titafika kwathu Ababa anavula wotchi n'kuiika pamphasa ngati mboni. Anati njira ndi ya ola limodzi ndi kamphindi, adzagona pakhomo pawo tsiku lililonse. Amayi sanayang'ane wotchiyo. Anayang'ana ine.

"Malita, njira ili bwanji?"

"Ili bwino, Amayi. Ndi yosalala."

"Pyadidi," anatero m'Chisena chawo, kutanthauza kuti zili bwino, n'kupitiriza kuyamwitsa Zuze.

Limenelo ndiye bodza lalikulu kuposa onse amene ndinanenapo pa moyo wanga, ndipo chopweteka n'chakuti munalibe liwu limodzi labodza mmenemo.

Tinasamuka mwezi womwewo, n'kumanga nyumba pamalo okwera pang'ono monga ankachitira anthu onse m'mudzimo. Miyezi itatu yoyambayo ndi imene ndimaisunga mumtima. Tinkadya n'kukhuta. Amayi ananenepa, Zuze naye masaya anatuluka. Dzuwa likamapendeka ndinkathamangira ku mthethe uja kukadikira belu la njinga. Ababa ankaliza katatu ali patali, n'kundinyamula pa kaliyala mpaka kunyumba. Ankafika kudakali kowala, n'kupita kudimba kukathandiza Amayi, malaya a kuntchito ali paphewa. Za udzu uja ndinayamba kuiwala, ngakhale tsiku lililonse ndinkakhala pansi pake.

Madzi anabwera mu Januwale. Sanabwere ndi phokoso ayi. Tinangodzuka tsiku lina dambo lonse likunyezimira, mthethe utaima pakati pa madzi. Anthu a m'mudzimo sanadabwe, anangotulutsa mabwato awo n'kuyamba kutchera nsomba pomwe panali kanjira kathu. Ndi pamene ndinamva mayi wina akuseka pachitsime kuti alendo a ku Ngabu ankayesa dambo ndi msewu.

Ababa anayamba kudzera msewu waukulu wozungulira. M'chilimwe msewuwo unali wa maola awiri, koma m'matope unkawatengera atatu. Makande akanyowa amamatirira ngati phala lozizira. Ankadzaza pakati pa tayala ndi madigadi mpaka njinga kukana kuyenda, ndiye ankayenda ndi kamtengo kokokotera. Kenaka anachotsa madigadiwo, n'kumafika msana wonse uli matope. Masiku ena njingayo ndi imene inkakwera iwo. Ankanyamuka tambala woyamba, ife tili m'tulo, ndipo pobwera analibe mphamvu ngakhale yofunsa za sukulu. Kuimba kuja kunatha. Zuze anayamba kukwawa iwo osaona, ndipo Lamulungu lina atamunyamula analira ngati wanyamulidwa ndi mlendo. Ababa anamubweza kwa Amayi mwakachetechete n'kutuluka panja.

Miyezi ya njala ndi imene kudepoti kumachuluka ntchito, anthu amafola kudikira sikelo kusanache. Bwana wawo anawachenjeza kawiri za kuchedwa, n'kunena kuti kachitatu sikelo apatsa wina. Ndikukumbukira tsiku limene Amayi anapinda bulangete lathu labwino, n'kuika kampoto ndi chikho mkati mwake.

"Mvula ikavuta muzigona konko," anatero. "Loweruka muzibwera."

"Ndinalonjeza kuti ndizigona pakhomo panga, amake Malita."

"Ntchito ikatha tidya lonjezo? Madzi akaphwa mudzayambiranso."

Amayi anamanga okha bulangetelo pa kaliyala, pamalo pomwe ndinkakhala ine. Ndinaima pakhomo ndikuwayang'ana. Ndinkafuna kunena kuti ndinauona udzu, kuti Ababa anauonanso, kuti tisamuke tonse tikakhale m'chipinda chonunkha nsomba chija. Sindinanene. Ndinkaopa kuti ndikayankhula ndiwaika Ababa m'mavuto, ndiponso ndinkaopa maso a Amayi.

Poyamba ankagona ku Bangula masiku awiri kapena atatu. Kenaka ankapita Lolemba n'kubwera Loweruka. Loweruka lina mvula inagwa, sanabwere. Pofika mwezi wa Malichi tinkawaona pakutha pa mwezi, atanyamula sopo ndi mchere, akukhala pampando ngati munthu wodzacheza.

Madzi anaphwa mu Meyi. Kanjira kanaumanso, anthu anakapondaponda mpaka kusalala. Ndinayambiranso kupita ku mthethe dzuwa likamapendeka. M'minga munali udzu watsopano pamwamba pa wakale uja. Ndinadikira sabata yathunthu, kenaka ina. Mabelu a njinga ankalira, koma palibe amene ankaliza katatu. Amayi ankandiona ndikupita ndi kubwera. Tsiku lina anangoti, "Kumeneko kuli udzudzu, mwanawe. Uzikhala pakhomo."

Chaka chotsatira, m'chilimwe, ndinalephera kupirira. Ndinanamiza Amayi kuti ndikupita kwa mnzanga, n'kuyenda wapansi kanjira kaja mpaka ku Bangula. Kudepoti anandilozera kuseri kwa msika. Ndinalizindikira khomolo ndisanafike: chinali chipinda chomwe chija. Pakhomo panali nsalu yamaluwa, mkati mozira bwino, bulangete lathu litapindidwa pabedi. Mayi wina wogulitsa nsomba mumsika anandilandira mwaulemu, n'kundipangira tiyi. Sanali munthu woipa, ndipo zimenezo zinandipweteka kwambiri. Ndili ndi kapu m'manja ndinayamba kuyeza chipindacho ndi maso. Apa pakanagona Amayi ndi Ababa, apa ine ndi Zuze, apo mbaula. Malo analipo.

Ababa ataweruka anandipeza ndili pamenepo. Sanandikalipire. Anandikweza pa kaliyala, tinawoloka mlatho, n'kulowa m'dambo. Pa mthethe anaima n'kutsitsa phazi pansi.

"Tsika apa, Malita. Thamanga dzuwa lisanalowe. Ukapereke moni kwa amako."

Denga la nyumba yathu linkaoneka kuchokera pamenepo. Ndinati, "Ababa, kwatsala pang'ono."

"Ndikudziwa, mwana wanga," anatero. Anatembenuza njinga, ndipo ndinaima pomwepo mpaka anazimirira m'fumbi. Ndinalira mokweza, poti m'dambo munalibe wondimva.

Sanabwererenso kudzakhala nafe. Ankatumiza zofunika, sukulu ndinamaliza, ndipo atamwalira ndinakawalira monga mwana wawo. Koma mlandu wa udzu uja ndinausenza ndekha zaka zambirimbiri. Ndinkakhulupirira kuti banja la makolo anga ndinaligulitsa ndi dowe.

Ndinaulula kwa Amayi ndili ndi ana anga kale. Tinkasenda mbatata pakhonde, iwo atakalamba, maso atayamba kuchita khungu. Ndinawafotokozera zonse, za mthethe, za udzu, za zimene Ababa anandiuza. Anamvetsera mpaka kumapeto, mpeni utaima m'manja.

"Iwe Malita," anatero, "ine ndinabadwira m'madzi amenewa. Ukuganiza kuti dimba limabiriwira mu Seputembala chifukwa chiyani? Ndinkadziwa musanakwere n'komwe basi. Koma ndinatopa ndi njala, mwana wanga. Ndinakufunsa iwe dala, poti ndinkadziwa kuti undiyankha zimene ndimafuna kumva."

Anapitiriza kusenda, misozi ikugwera pambatata.

Sindikunena kuti njira ndi imene inakwatira mkazi wina. Ababa anali ndi mutu wawo, ndipo anasankha okha. Koma tsopano ndimamvetsa kuti munthu wotopa tsiku ndi tsiku amasanduka mlendo pang'onopang'ono, popanda wokangana naye. Ndimamvetsanso kuti pamphasa paja tinalipo anthu atatu odziwa za madzi, ndipo aliyense anakhala chete poganiza kuti akuchitira zabwino anzake.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi anabwera kudzandiuza kuti mwamuna wake wapeza ntchito m'tauni, ndipo apeza nyumba yaikulu yokhala ndi munda, koma kutali ndi kuntchitoko. Ina ilipo pafupi, koma akuti ndi yopanikiza, ana sangasewere. Anati njira anaiyesa kale Lamulungu lina, ndi yabwinobwino. Ndinamuuza kuti akaiyendenso Lolemba mvula ikugwa, onse awiri, ndipo chimene akaone akachinene mokweza, ngakhale chiwawononge mtima. Anaseka kuti Amayi mwayamba kukalamba, nyumba yapafupiyo simunaione kuchepa kwake.

Sindinatsutse. Ndinangomuuza kuti chipinda cha kuseri kwa msika wa Bangula chinali chaching'ono kuposa pamenepo, chamdima, chonunkha nsomba, koma tonse anayi tikanakwanamo.