Msoko wa Adokotala

ATelala ankakhulupirira msoko umodzi wokha padziko lapansi, wawo. Pakhonde la sitolo pomwe makina awo ankalira tsiku lonse, munthu akabwera ndi malaya ogula, iwo ankawatembenuza kaye n'kupukusa mutu.

Ndiye atawachotsa ndulu kuchipatala, anangoti kutsitsimuka n'kusuzumira pamimba. Msokowo sanaukonde. Unali wotalikirana, kumapeto kwake wosabwereza. Namwino anawalangiza kuti aziyenda pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, chifukwa munthu wa opaleshoni akangogona, magazi amatha kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo akathawira kumapapo ndi maliro. ATelala anavomera ndi mutu, koma mumtima anali ataweruza kale kuti ulusi wotero ungamasuke asanafike n'komwe pakhomo.

Kunyumba anagona chagada, osatembenuka. Akazi awo akawakumbutsa mawu a namwino, iwo ankayankha kuti mwana uja singano yomwe amaidziwa ndi yobayira anthu basi.

M'mawa wina mayiwo akuwaveka thalauza, mwendo wakumanja unalowa bwinobwino, wakumanzere n'kukanirira pakatumba. Thalauzalo anasoka okha aTelala.

"Bambo a ana, kapena munaphonya muyeso?"

"Ine? Miyendo yonse ndinadula pamodzi."

"Ndiye wolakwa ndi mwendo."

Anaugwira. Unali wotupa ndi wotentha, ndipo mwiniwake anakukuta mano. Mayiwo sanakanganenso nawo, anangotuluka kukaitana alamu awo a galimoto.

Kuchipatala anawaunika n'kupeza kuti magazi aundanadi. Adokotala anati afika nthawi yabwino. Anawapatsa mankhwala, n'kuwachenjeza kuti asamale ndi sizasi, poti pa mankhwalawo akadzicheka magazi amachedwa kusiya. Namwino uja sanawadzudzule. Anangowagwira mkono n'kuyenda nawo m'khonde la wodi, aTelala dzanja lili pamimba, kudikira kumva kuti phwii. Palibe chinamasuka.

Masiku ano dzuwa likafika pamutu makina amakhala chete. ATelala amayenda ndi akazi awo mpaka kumapeto kwa msewu n'kubwerera. Makasitomala amawauza kuti chinawapulumutsa ndi thalauza losokedwa bwino. Mayiwo amangoti thalauza lilibe maso, ndipo bambowo satsutsa. Anawasokera mayiwo diresi la buluu osawayeza, ndipo likuwakhala.

Chipseracho amachiyang'anabe akamasamba.

"Msoko wonyansa," amatero, "koma unagwira."