Dzina la amalume pakhoma la laibulale

Ndinayamba ntchito mu laibulale ya yunivesite ndili mtsikana, ndipo pano imvi zandituluka ndili momwemo. M'zaka zonsezi ndaona mayina akukwera pamakoma ndi kutsikanso. Nditangofika, holo yaikulu inali ndi dzina la mzungu wina wa minda ya tiyi, amene anakumbukira ana a anthu akuda atatsala pang'ono kufa. Kenaka anapakapo penti n'kulembapo dzina la wandale. Boma litasintha, nalonso linafufutidwa usanathe mwezi. Pambuyo pake kunabwera mabanki, mabungwe akunja ndi ampondamatiki a mumzinda muno, onse amene mabwana athu amawatchula kuti anthu akufuna kwabwino. Aliyense amabwera ndi mphatso kudzanja limodzi, chikwangwani kudzanja linalo. Zonsezi ndinkangoziona patali mpaka tsiku limene zinafika pa amalume anga.

Amalumewa ndi mlongo wawo wa amayi anga. Makolo awo anachokera ku Mozambique n'kudzakhazikika ku Ndirande, ndipo awiriwa anakulira m'kanyumba kamodzi. Amalume anasiyira sukulu ku pulayimale n'kuyamba kugulitsa mabanzi panjinga. Pamenepa sindingawanamizire, anali olimbikira. Njinga inabala uvuni, uvuni unabala bekale, bekale inabala magalimoto onyamula buledi amene ankafika ku Bangwe, ku Chilomoni mpaka ku Mbayani. Anamanga chinyumba champanda ku Machinjiri. Koma dzanja lawo linali louma ngati chikuni. Amayi atadwala n'kugonekedwa m'chipatala, amalume anatumiza dalaivala ndi buledi wadzana amene anabwerera kumagolosale. Ine nditasankhidwa kupita ku yunivesite, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Satifiketi sadyera ndiwo, mwanawe. Ukalamba ndi mabuku, anzako akukwatiwa."

Anthu amenewa ndiwo anadzakhala okonda maphunziro.

Chinawatembenuza si Mzimu Woyera ayi. Mnzawo wina wa ku Bangwe, wogulitsa simenti ndi malata, amene ankapikisana naye pa chilichonse kuyambira magalimoto mpaka mpando wakutsogolo kutchalitchi, anapereka thandizo ku yunivesite ndipo dzina lake linalembedwa pageti la bwalo la masewera. Amalume anadutsa pamenepo, analiona, tulo sanatione. Mphekesera inafika kwa mabwana athu kuti mwini bekale uja naye akufuna khoma.

Mkulu wa yunivesite wa nthawi imeneyo anali pulofesa amene tinkakumana m'makonde zaka zambiri osandipatsa moni. Tsiku lina anangotulukira pa desiki langa, akumwetulira mano onse pamtunda.

"Mayi, ndamva kuti bambo aja a bekale ndi abale anu?"

"Ndi amalume anga, bwana."

"Ndiye mumabisiranji zinthu zabwino chonchi? Mulowe mu komiti yathu. Mawa tipitire limodzi."

Tinapita ku Machinjiri pagalimoto ya bwanayo, ine, iwo ndi mapulofesa ena awiri. Amalume anatisiya pakhonde mpaka dzuwa linatipeza pamene tinakhala, iwo ali m'nyumba akumetedwa. Atatilowetsa, ndinaona zimene sindidzaiwala. Anthu amene ophunzira amanjenjemera akamva nsapato zawo anakhala m'mphepete mwa sofa, mawondo pamodzi, ngati ana obwera kudzapempha moto. Amalume akanena nthabwala yosaseketsa, iwo ankaseka mpaka kupukuta magalasi. Ine amalume sanandipatse mpando. Anangoti, "Iwe, kawauze akukhitchini abweretse tiyi," ndipo ndinapita, komiti ndili membala.

Nditabwerako, bwana anali akufotokoza mavuto a laibulale. Denga linkadontha, mabuku ambiri anali akale kuposa aphunzitsi owaphunzitsa, ndipo zimbudzi zinali zotseka chifukwa mapaipi anaphulika. Amalume ankamvetsera akutokosa m'mano.

"Zimbudzi ayi," anatero. "Dzina langa pachimbudzi? Anthu azinena kuti ndikupita kwa uje?"

Mapulofesa anaseka. Ine ndinalimba mtima.

"Nanga mabuku, amalume? M'buku lililonse timatha kumatamo kapepala konena amene wapereka."

"Kapepala! Buku amalitsegula ndani? Khoma aliyense amaliona, ngakhale amene ali mu minibasi." Anatembenukira kwa bwana. "Zilembo za mnzanga uja pageti paja n'zazitali bwanji?"

Bwana anaonetsa ndi manja, ngati mkono umodzi.

"Zanga zikhale chonchi," anatero amalume, akuloza m'chiuno mwawo. "Zachitsulo, zowala. Ndipo mbali yoyang'ana kumsewu."

Palibe anatsutsa. Tisananyamuke, pulofesa mmodzi, mwa iye yekha osafunsidwa, anatchulapo kuti yunivesite imathanso kupereka udokotala waulemu kwa nzika zotumikira dziko. Amalume anasiya kutokosa m'mano.

Thandizolo anagwirizana kuti lidzabwera m'magawo. Gawo loyamba linabwera msanga, ndipo linathera ku zilembo, penti ndi mwambo. Anapenta khoma loyang'ana kumsewu lokha. Mbali zinazo zinatsala ndi ndere zake. Tsiku la mwambo litayandikira tinauzidwa kuti tibise ndowa zimene tinkatchera madzi odontha, ndipo mashelefu opanda kanthu tiwakankhire kumbuyo.

Mwambowo unali wa tenti, malipenga ndi atolankhani. Ophunzira anadzaza mipando chifukwa kunamveka kuti kukhala mabanzi ndi zakumwa zaulere. Amalume anavekedwa gauni yofiira ndi chipewa chonga mbale, thukuta lili kamukamu, koma osalola kuvula ngakhale pang'ono. Bwana anaima n'kuyankhula Chingerezi chautali, kuti mlendo wathu wolemekezekayu wakhala bwenzi la maphunziro kuyambira ubwana wake, kuti ndi tate wa ana amasiye, kuti dzina lake likhala pakhomali mpaka mibadwo ya zidzukulu. Ndinayang'ana pansi kuopa kuti nkhope yanga ingandiulule.

Amayi anabwera kuchokera ku Ndirande atavala chitenje chawo chatsopano. Anakhala kutsogolo poganiza kuti mlongo wa mwini mwambo malo ake ndi amenewo, koma wolondolera alendo anawasamutsa chifukwa analibe khadi. Amalume anaona, anayang'ana kumbali. Ndinawapeza amayi kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi makreti a zakumwa, ndipo ndinkawamasulira zimene bwana ankanena. Nditafika pa tate wa ana amasiye, anandigwira dzanja.

"Akunena achimwene omwewa?"

"Omwewa, amayi."

"Kapena pali ena a dzina lomweli," anatero, n'kupitiriza kudya banzi lawo.

Kuyambira pamenepo laibulale inasanduka munda wa amalume. Ankabwera ndi alendo awo, anzawo a bizinesi ndi akuluakulu a mpingo, n'kumawayendetsa pakati pa ophunzira akuwerenga, mawu ali pamwamba ngati ali pamsika. "Zonsezi ndi ine!" ankatero, akuloza mabuku amene anagulidwa iwo akadali panjinga. Tsiku lina anakalipira mnyamata wa chaka chomaliza chifukwa sanaimirire iwo akulowa. Ku bekale analamula kuti aliyense aziwatchula kuti adokotala, moti mayi wina wa ku Zingwangwa anawatsatira ndi mwana wodwala malungo. Ine ankanditchula kuti wantchito wawo wa ku laibulale.

Gawo lachiwiri la thandizo silinaoneke. Bwana akawakumbutsa mwaulemu, amalume ankatumiza galimoto ya masikono kuti ogwira ntchito amwere tiyi. Mabwana ankalandira, n'kuthokozanso. Mvula itabwera tinatulutsanso ndowa zathu.

Zaka zinapita, zinthu zinawatembenukira amalume. Ufa wa tirigu unakwera, mafuta ankasowa, magetsi ankangozimazima, ndipo masitolo akuluakulu anayamba kuphika buledi wawo. Magalimoto anagulitsidwa imodziimodzi. Kenaka amalume anadwala matenda ofa ziwalo, dzanja ndi mwendo wakumanja zinaleka kugwira ntchito, pakamwa panapotoka. Anthu amene ankadzaza pakhonde paja anasowa onse. Ku yunivesite palibe anapita kukawazonda. Amene ankapita ndi phala m'kontena, kukwera maminibasi awiri, anali amayi anga.

Nthawi yomweyo kunabwera mkulu watsopano wa yunivesite, ndipo kampani ina yaikulu inalonjeza makompyuta ndi intaneti mu laibulale. Nayo inkafuna khoma, lomwelo loyang'ana kumsewu. Komiti inakumana. Mapulofesa awiri aja, omwe ankapukuta magalasi ndi kuseka ku Machinjiri, ndiwo anayankhula kwambiri. Wina anati dzina la wophika buledi silikugwirizana ndi masomphenya atsopano a yunivesite. Mnzake anati iye ankakayika kuyambira pachiyambi pomwe. Ndinamuyang'anitsitsa, iye osaphethira n'komwe. Ndinafunsa ngati mibadwo ya zidzukulu ija yatha kale. Wapampando anati tisalowetse zachibale pa nkhani za ntchito, kenaka pomaliza anati popeza ndine wachibale, ndine woyenera kukawauza amalume kuti dzina lawo likutsika pakhoma.

Amisiri anamasula zilembo Loweruka, ophunzira ali ochepa. Anaziika m'matumba a feteleza n'kuzisiya kuseri kwa desiki langa. Pakhoma panatsala mabowo ndi mthunzi wa dzina, moti munthu ankatha kuliwerengabe mpaka pamene anapakapo mtundu wa kampani ija.

Ndinapanga hayala kagalimoto n'kupita nazo ku Machinjiri. M'njira ndinkaganiza kuti ndikondwa. Ndinali nditasunga mawu ambiri kuyambira tsiku la satifiketi lija. Koma nditawapeza amalume pakhonde, atakhala pampando wa pulasitiki, ataonda, thaulo lili paphewa lopukutira dovu, mawu onse anandithawa. Ndinagwada n'kuwapatsa moni, ndipo ndinawauza mosazungulira.

Anayang'ana matumba aja. Kenaka anati, movutikira, "Tsegula."

Ndinamasula thumba limodzi. Anatulutsa chilembo ndi dzanja lamanzere, n'kuchipukuta pa thalauza.

"Anati mpaka zidzukulu," anatero.

"Anatero, amalume. Ndinalipo."

"Agalu." Anapuma. "Gauni ija aifunanso?"

"Ayi, imeneyo ndi yanu."

"Udokotala?"

"Sanaunene."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza kuti akuba asiyako mbuzi imodzi. Ndinkayembekeza kuti mwina atchula za amayi, kapena za mabuku amene anakana kugula, kapena kungoti mwanawe wavutika. Sanatero. Anaitana akazi awo n'kuwauza kuti apeze wowotcherera zitsulo.

Sabata yotsatira zilembo zija zinakwera pampanda wa nyumba yawo, mbali yoyang'ana kumsewu. Mpandawo unali waufupi poyerekeza ndi khoma la yunivesite, ndiye dzina lawo linakhota pakona n'kulowa m'kanjira kopita kuchigayo, kumene amaliona ndi amayi osenza matumba a chimanga okha. Kumsewu kunatsala mawu omaliza a zilembozo, achingerezi otanthauza laibulale, owala bwino dzuwa likamatuluka.

Makondakitala sanachedwe. Pano mukakwera minibasi ya ku Machinjiri mumva akukuwa kuti, "Pa Laibulale otsika!" ndipo anthu amatsika osadabwa. Nthawi zina ana a sekondale amagogoda pageti kufunsa ngati angalowe kukawerenga. Akazi a amalume amawauza kuti m'nyumbamo mulibe buku lina kupatula Baibulo ndi la nyimbo, kenaka amawagulitsa mafilizesi.

Amalume anamwalira chaka chatha. Ku yunivesite kunachokera nkhata yamaluwa, dzina lawo atalilemba molakwika pa riboni. Makompyuta a kampani ija anabweradi, ndipo ena akugwirabe ntchito. Tinawaika pakati pa chipinda, pamene denga silidontha kwambiri. Mwezi watha ndinaona mkulu wathu ataima panja ndi alendo atatu ovala masuti, onse akuyang'ana m'mwamba pakhoma lija, mmodzi akuyeza ndi manja.