Tsiku Limene Ndinayenda ndi Nachisale

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi malume, pa famu ina kuseri kwa Mitundu. Ndinkayesa ndikukasamala ng'ombe, zimene ndinaphunzira kusukulu. Nditafika ndinapeza mahatchi aakazi. Ine hatchi ndinali ndisanaikhudzepo chibadwire.

Adokotala a ziweto, mayi wosachedwa ndi nkhani, ankabwera Lachisanu lokha. Anandiphunzitsa kuvala golovesi yofika paphewa, kulowetsa kamutu ka makina a sikani kumbuyo kwa hatchi, ndi kuyeza kathumba komwe dzira limakuliramo. Ndinkatenganso magazi pamtsempha wa pakhosi n'kuwasunga m'bokosi la ayezi, kuti akayezedwe mahomoni ku Lilongwe. Anati mahomoniwo ndiwo amakulitsa kathumba kamodzi, tinzake n'kufota.

Masiku enawo ndinkakhala ndekha. Anthu a m'mudzi ankandipatsa moni ali patali, poopa kumenyedwa theche ndi mahatchiwo. Ndinasungulumwa mpaka ndinayamba kucheza ndi Nachisale, hatchi yokalamba imene inali itasiya kubereka. Eni famu anali atanena kale kuti ikapanda kutenga bere chaka chimenecho, igulitsidwa.

M'mawa wina wa dzinja ndinaona kathumba kake katakula, katafewa, katayamba kusongoka. Ndinawaimbira foni adokotala.

"Dzira lili pafupi kutuluka," anatero adokotala. "Yamphongo ili ku famu ya ku Nathenje, koma galimoto yafa. Mukadikira mawa, achimwene, tachedwa."

Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Ndinamumanga chingwe Nachisale, tinauyamba wapansi. Mvula inatipeza m'minda ya fodya, matope mpaka m'maondo. Mtsinje wina unali utadzaza, ndipo iye anakana kuwoloka. Ndinamukoka, ndinamunyengerera, kenaka ndinangokhala pansi n'kulira ngati mwana. Panalibe ngakhale wondiseka. Patapita nthawi anandinunkhiza pamutu, n'kulowa yekha m'madzimo.

Tinafika madzulo, ndipo anamulowetsa kwa yamphongo nthawi yomweyo.

Mawa lake tinabwerera ku famu yathu. Patapita masiku, sikani itadzaonetsa bere, adokotala anandigwira chanza.

"Mwamupulumutsa. Koma azikakhala ku Nathenje, kuli msipu wabwino."

Galimoto inali itakonzedwa tsopano. Nachisale ndinamukweza ndekha, ndi manja angawa.

Mpaka lero ndimawauza anzanga atsopano pantchitoyi kuti kathumba kakafewa sikadikira munthu. Chinacho sindiwauza, adzachiona okha: chiweto chimene ukusamala si chako. Tsiku limene anachokalo ndinasesa khola la Nachisale n'kuthira madzi m'ndowa yake monga mwa masiku onse.