Ng'ombe za a Kalua m'puloti ya Yotamu

Alamu anga a Morton Kalua anali munthu woti mukakumana nawo pamsika wa Uliwa simukanacheuka n'komwe. Aafupi, amatewe, kabudula wa kaki, mapazi ong'aluka ndi matope a mpunga. Polankhula nawo munkayenera kuima kumanja kwawo, chifukwa khutu lakumanzere linali lakufa. Anakwatira mlongo wanga Towera. Ine ndine Mhango wokonza njinga pansi pa mtengo pamsika pomwepo, ndipo aliyense kuyambira ku Sangilo mpaka ku Wovwe amadziwa kuti pakamwa panga sipadikira munthu amalize. Kutamanda anthu si ntchito yanga. Koma zomwe anachita bambo ameneyu, mpaka lero ndikazikumbuka ndimaika sipanala pansi.

Khutu lija sanabadwe nalo choncho. Sikimu ya mpunga itatsegulidwa ku Wovwe, a Kalua analandira puloti yoyandikana ndi ngalande, pomwe madzi amayambira. Anaisalaza okha ndi ng'ombe mpaka madzi ankagona mofanana ngodya zonse ngati m'mbale. Mnzawo wapaubwana, Yotamu Msiska, yemwe ankaimba naye kwaya imodzi, anapatsidwa yakumapeto, komwe madzi amafika atatopa kale.

Chaka china cha m'ma 1970, amayi a a Kalua anamwalira, ndipo pamaliro panabwera msuweni wawo wochokera kutsidya kwa Songwe. Analira, anadya, nabwerera kwawo. Basi. Koma masiku amenewo mlendo wochokera ku Tanzania anali khala lamoto m'thumba. Yotamu anakanong'oneza kwa anthu a boma onong'onezedwa aja kuti a Kalua akulandira amithenga a zigawenga. Musandifunse kuti tinadziwa bwanji: mwini wake anadzitama nazo pamowa. Galimoto ya apolisi inabwera masana, a Kalua ali m'matope mpaka m'mawondo. Sanawalole ngakhale kutsuka miyendo.

Towera anatsala ndi ana, kuphatikizapo pakati. Lamulo la sikimu linali loti puloti ikagona osadzalidwa imapita kwa wina, poti madzi sayembekeza munthu. Anayesa yekha, zinamukanika. Puloti ija inapita kwa Yotamu. Mwana anabadwa, anadwala, tinamuika, bambo ake osamuona nkhope.

Patapita zaka a Kalua anatsika basi pa Uliwa, mafupa okhaokha, khutu limodzi litafa, atanyamula kajumbo. Zomwe anawachita kundende kumwera kuja sanatiuzepo. Komiti ya sikimu inawapatsa puloti yomwe inalipo, ndipo inali yakumapeto ija, yomwe Yotamu anasiya. Ndiye kuti m'mawa uliwonse ankadutsa pambali pa puloti yawo yakale, kuona mpunga wamtundu wa faya ukuwerama mmenemo, kenaka n'kupitirira kukalimbana ndi dothi louma. Ine ndinawauza poyera kuti ndili ndi tcheni cha njinga chakale, cholemera bwino, ndipo Yotamu amabwerera kunyumba yekha. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mlamu, ndende ndakhalirako banja lonse. Yakwana."

Anthu anaona kufatsako n'kumati a Kalua anakhululuka kalekale. Ayi ndithu. Towera ndiye anandiululira. Kutchalitchi, pa pemphero limene mpingo wonse umanenera pamodzi, akafika pa mawu opempha Mulungu kuti atikhululukire monga nafe tikhululukira otilakwira, a Kalua ankatseka pakamwa. Ankayambiranso mawuwo atadutsa. Lamulungu la Mgonero likafika, ankadzuka mwakachetechete n'kukakhala panja pansi pa mango, pamodzi ndi ana ndi anthu odulidwa mumpingo. Palibe anawadula. Anadzidula okha.

Abusa ndi akulu a mpingo anawayendera kangapo. Iwo anawayankha kuti munthu ukhoza kumunamiza koma Chiuta ayi, ndipo akaona msana wa Yotamu dzanja limawayabwa. Anati sangatenge mkate wa Ambuye ndi dzanja lomwelo. Ine nditamva ndinasangalala, ndinati apo ndiye mwamuna. Chimene chinkandiwawa n'chakuti Yotamu yemweyo ankalandira Mgonero pabenchi yakutsogolo, atavala jekete. Ndinkazilalatira pamsika osatchula dzina, poti nthawi imeneyo ngakhale mitengo inali ndi makutu, koma wobweretsa njinga aliyense ankadziwa kuti jekete ndikunenayo ndi ya yani.

Zinakhala choncho zaka zambiri, ana mpaka kukula.

Kenaka chaka china, mbande zitamera kale m'manazale, Yotamu anagwa pakhomo pake. Mbali imodzi inafa, pakamwa panakhota. Mkazi wake Yunike anatsala yekha ndi tiana, womaliza ali kumsana. Kwathu kuwokera mpunga timaitanirana: lero kwa uyu, mawa kwa uyo, chifukwa mbande ikakula mopitirira m'nazale imapanga mfundo, ndipo ukaiwokera mochedwa imangokupatsa udzu. Yunike anayenda khomo ndi khomo. Sikimu yonse inadwala msana sabata imeneyo. Anthu anali atamuopa Yotamu nthawi yaitali, tsono mantha atatha panatsala chidani chokha.

Wapampando wa komiti anafika kwa a Kalua ine ndilipo. Ananena mosazungulira kuti puloti ija ikapanda kudzalidwa nyengo ino ibwerera ku komiti, ndipo komiti yonse ikudziwa mwini wake weniweni. Atachoka ndinavina pabwalo. Ndinawauza alamu anga kuti Mulungu sagona, ndipo ntchito yawo tsopano ndi imodzi yokha, kukhala pansi. Asatukwane, asamenye, asapite kwa sing'anga. Angokhala, puloti ibwera yokha ngati ng'ombe yodziwa khola. Towera anandiuza pambuyo pake kuti masiku amenewo a Kalua ankangotola chakudya ngati mbalame, ndipo ankakhalitsa kukhola akulankhula okha.

Tsiku lina m'mawa ndikumata chubu, mwini njingayo anandifunsa ngati ng'ombe za alamu anga zasochera, poti waziona m'puloti ya Yotamu zili pagoli. Chubu ndinachisiya pomwepo. Ndinapalasa mpaka ku sikimu ngati ndikuthamangitsidwa.

Zinalidi zoona. Bantomu ndi Sikochi, ng'ombe zawo ziwiri, zikukoka pulawo m'matope, a Kalua pambuyo. Ndinaima pakamtunda kolekanitsa mapuloti n'kuyamba. Ndinawakumbutsa za galimoto, za khutu, za kamanda kaja. Ndinawatcha dzina lomwe sindingalembe pano. Iwo ankati akafika kumapeto kwa mzere n'kutembenuza ng'ombe mwanjira yoti khutu lakufa likhale mbali yanga. Ndinazungulira. Anatembenukanso. Anthu omwe anaima m'timitunda anayamba kuseka, ine mkwiyo n'kumangokwera. Pomaliza ndinalumphira m'matope ndi nsapato zomwe n'kugwira goli.

Anaimitsa ng'ombe, n'kuloza ndi chibwano kungodya ya puloti. Kumeneko kunali Yunike, mwana kumsana, akuswa zibuma ndi khasu.

"Dzulo ndinamupeza pomwepo yekha," anatero. "Mlamu, ine ndinali kundende. Mlongo wanu akulimbana ndi puloti ino yekha sindinamuone. Dzulo ndamuona."

Kenaka ndinawafunsa ngati tsono akhululuka, chigawenga chenichenicho chisanapepese n'komwe.

"Yayi," anatero. "Mtima ukadali pomwe unali. Ndaupempherera zaka zonsezi, sukusuntha. Ndiye ndati ndiyambe ndi miyendo. Mwina utsatira ng'ombe."

Anawonjezera kuti Ambuye Yesu anapempherera omukhomera misomali iwo akadali ndi nyundo m'manja, sanadikire kuti aziike pansi. Anati akalandira puloti ija mwanjira imeneyi adzadya mpunga wake ndithu, koma pansi pa mango paja adzakhalapo mpaka kufa. Atatero anakuwira Bantomu, pulawo n'kuyenda, ine n'kutsala chiimire madzi akulowa m'nsapato.

Amene zinamuvuta kwambiri anali Towera. Madzulo ake anawauza amuna ake kuti iwo anataya khutu, koma iye anaika mwana m'manda, ndipo asamuphunzitse za Mulungu. A Kalua anavomera kuti wanena zoona, ndipo sanamupemphe kanthu. Ine ndinali mbali ya mlongo wanga, ndipo ndinanena mokweza kuti nyumba zoyandikana zimve.

M'mawa mwake ndinapitanso ku sikimu, kuti ndikaone misala ija ithera pati. A Kalua ndi Yunike anali atayamba kuwokera, anthu awiri m'puloti yonse ija, ngati nkhuku ziwiri m'bwalo la mpira. M'timitunda munali anthu odwala msana aja, manja kumbuyo. Dzuwa litakwera ndinaona mayi akubwera m'mbali mwa ngalande, mtolo wa mbande pamutu. Anali Towera. Anadutsa pakati pa anthu osapereka moni, anatula mtolo, anakwinya chitenje, nalowa m'madzi. Anakaima pafupi ndi Yunike penipeni. Sanamuyang'ane. Anangotenga mbande n'kuyamba kubaya m'matope, misozi ikugwera momwemo.

Ndaona zambiri pamsika, ndewu, akuba, ngozi. Chete wa tsiku limenelo sindinamumvepo kwina. Kenaka mayi wina wachigwirizano cha amayi a mpingo anavula mapatapata. Wina anatsatira. Posakhalitsa mzere unafika uku ndi uku, misana yonse itachira.

Inenso ndinalowa. Ndinanena momveka kuti sindikulowera Yotamu, ndikulowera mlongo wanga ndi alamu anga, ndipo aliyense alembe zimenezo pamtima. Misundu inandilandira bwino m'miyendo. Azimayi anandiseka kuti a Mhango mawilo amawongola koma mzere wa mpunga wawakanika, ukuyenda ngati munthu wochokera kumowa. Ndinawayankha kuti akadzabwera ndi njinga zawo tidzaonana.

Ntchito ili pafupi kutha, a Kalua anatuma ngolo kukatenga Yotamu kuti adzaone. Anamukhazika pakamtunda atatsamira thumba. Jekete panalibe. Munthu yemwe sikimu yonse inkamutsitsira mawu anali kamkulu kowonda, malovu akutsika mbali imodzi. Anayang'ana puloti yobiriwira, nayamba kuvutika kuti alankhule, mawu osatuluka. A Kalua anatuluka m'madzi, anagwada, n'kuika khutu lawo lamoyo pakamwa pa Yotamu.

Pakamwa pomwepo ndi pomwe panawaphera khutu linalo. Linatsala limodzi, ndipo analipereka pomwepo.

Anakhala choncho kanthawi. Kenaka anamupukuta malovu ndi dzanja lamatope n'kunena kuti, "Ndamva, a Msiska. Pumulani." Pobwerera ndinawakakamiza kuti andiuze ngati wapepesa. Anati mawu sankamveka, chomwe anatolapo ndi dzina lawo lokha, Morton, monga ankaitanirana ali anyamata kubusa. Ndinati ndiye mwamva chiyani? Anati zomwe anamva zawakwanira.

Wapampando anabwera, anaona puloti yodzalidwa, anayang'ana a Kalua nthawi yaitali, napita akupukusa mutu. Puloti inakhalabe ya banja la Yotamu. Ana ake akulima momwemo mpaka pano. A Kalua anakalambira ku puloti yakumapeto, kudikira madzi otsala, ndipo sindinawamvepo akudandaula kupitirira mmene mlimi aliyense amadandaulira. Ine ndinadandaula m'malo mwawo kwa zaka zambiri.

Mgonero wotsatira unachitika mpunga uja utayamba kutulutsa ngala. Ine kutchalitchi ndimapita mwa apo ndi apo, koma tsikulo ndinapita, n'kukhala kumbuyo pafupi ndi khomo, pomwe ndikanawaona akutuluka. Chifukwa cha khutu lija, a Kalua popemphera pamodzi ankatsalira pang'ono m'mbuyo mwa anzawo, ndipo sankadziwa kukula kwa mawu awo. Pemphero linayamba. Ndinkawamva bwinobwino mbali ya abambo, akutsatira. Atafika pamalo paja anaima, monga mwa masiku onse. Mpingo unapitirira, unafika kumapeto, unati ameni.

Ndiye m'chetemo munamveka mawu amodzi, aakulu, osasalala, omwe ankakuwira nawo ng'ombe. A Kalua anali atayambira pomwe anaimira zaka zonse zija. Ananena mawuwo amodziamodzi ngati munthu wokoka pulawo m'dothi louma, kupempha kuti akhululukidwe monga iwonso akhululukira. Maso anali otseka, sanadziwe kuti atsala okha. Abusa anadikira. Palibe anakhosomola, ngakhale makanda anakhala ngati auzidwa. Anapitiriza okha mpaka kumapeto, ndipo atati ameni mpingo wonse unabwereza nawo kachiwiri.

Nthawi yoti osalandira atuluke itakwana, ana anadzuka, odulidwa anadzuka, inenso ndinadzuka. Pakhomo ndinacheuka. A Kalua anali chikhalire pabenchi, manja ong'aluka aja atawatambasula pamawondo, akudikira mbale ya mkate yomwe inali itayamba kuyenda kuchokera kutsogolo.

Ndinakakhala pansi pa mango. Pamuzu pomwe ankakhala iwo panali posalala chifukwa chokhalidwa zaka zambiri, ndipo sindinalimbe mtima kukhalapo. Ndinakhala pambali pake.